Pulogalamu ikakana kuyamba pa Linux: tsatirani mmene kernel imasankhira loader

Mng'ono wanga amakhala ku Ndirande, ndipo chaka chino wayamba kuphunzira zamakompyuta mwakhama. Tsiku lina anandiimbira foni usiku, mawu ake ali olefuka. "Achimwene, pulogalamu imodzi yomweyi ndaidawuniloda katatu, bandulo yonse yathera pomwepo, koma ikungonena kuti Exec format error. Kodi laputopu yangayi yafa?" Ndinamuuza kuti asadawunilodenso kanthu, abwere nayo m'mawa ku Ginnery Corner kumene ndimagwira ntchito.

Atabwera, sizinatitengere ngakhale mphindi zisanu. Fayilo inali yathunthu, laputopu inali bwinobwino. Kungoti pulogalamuyo inakonzedwera purosesa ya ARM, pamene laputopu yake ili ndi ya Intel. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndikudziwa mmene ndalama ya bandulo imavutira kupeza, ndipo inapita chifukwa palibe amene anamuonetsapo zomwe zimachitika kuchokera pomwe wadina Enter kufikira pomwe pulogalamu yayamba. Ulendo umenewo ndi waufupi, ndipo mukaudziwa, uthenga uliwonse wokana umakuuzani wokha pamene zinthu zaimira.

Mufunika kompyuta ya Linux, monga Ubuntu, Debian kapena Mint, ndi zida zinayi zing'onozing'ono zomwe sizidya bandulo:

```
sudo apt install file xxd binutils strace
```

Kernel imamvera moni, siyang'ana zovala

Pa Windows tinazolowera kuti kumapeto kwa dzina ndiko kumalamula: `.exe` ndi pulogalamu, `.docx` ndi chikalata. Kernel ya Linux, yomwe ndi mtima wa Linux umene umayambitsa mapulogalamu, siyendera zimenezo. Mutha kutenga pulogalamu n'kuitcha `nsima.txt`, idzayambabe.

Taganizani mlendo wafika pakhomo panu ku Bangwe. Simunamufunse dzina, koma akangoti "Ali uli?" mwadziwa kale kuti muitane amene amayankhula Chiyao. Akati "Muli uli?" mukuitana wa Chitumbuka. Moni wokha wakuuzani woyenera kumulandira. Mafayilo nawo ali ndi moni wawo, womwe ndi mabayiti oyambirira, ndipo azamakompyuta amawatcha magic number.

Mukalemba `./pulogalamu` n'kudina Enter, shell, pulogalamu yolandira malamulo anu mu terminal monga bash, imapempha kernel kudzera mu pempho lotchedwa `execve`. Kernel imatsegula fayiloyo, imaona ngati muli ndi chilolezo, kenako imawerenga mabayiti 256 oyambirira. Kale anali 128, anawaonjezera mu Linux 5.1 yomwe inatuluka mu 2019. Ikatero imayenda pa mndandanda wa ma loader, zigawo za kernel zomwe chilichonse chimadziwa kuyambitsa mtundu wake wa fayilo, n'kumapatsa aliyense mabayiti aja kuti awaone. Loader amene sakuuzindikira moniwo amayankha `ENOEXEC`, kutanthauza kuti "si wanga uyu", ndipo kernel imapita kwa wotsatira. Woyamba kuvomera ndiye amatenga ntchito, otsalawo safunsidwanso. Zonsezi zili mu code ya kernel, mu fayilo ya `fs/exec.c`, mu function yotchedwa `search_binary_handler`, ndipo ndi mizere yochepa moti mutha kuiwerenga mukumwa tiyi.

Pa kompyuta wamba ma loader ofunika ndi atatu. Kutsogolo kwenikweni kumakhala `binfmt_misc`, amene malamulo ake mumalemba ndinu. Kenako pali `binfmt_script` wa mafayilo oyamba ndi `#!`, ndi `binfmt_elf` wa mapulogalamu enieni, omwe mtundu wawo umatchedwa ELF. Kunalinso wakale wotchedwa a.out, koma anamuchotsa.

Chinthu chimodzi muchigwire zolimba, chifukwa malangizo onse ali m'munsimu atsamira pa icho: yankho lokhalo lomwe limapititsa kernel kwa loader wina ndi `ENOEXEC`. Loader akavomera kuti fayilo ndi yake, kenako n'kulephera pa chifukwa china, kufufuza kumathera pomwepo ndipo inu mumalandira uthenga wa vuto limenelo. Choncho "Exec format error" ikutanthauza kuti onse akana. "No such file or directory" pa fayilo yomwe mukuiona ndi maso ikutanthauza kuti wina wavomera, koma wapita kukafuna womuthandiza osamupeza. "Permission denied" kawirikawiri ikutanthauza kuti fayilo sinadutse n'komwe pa geti.

Choyamba, geti

Yambani ndi chosavuta:

```
ls -l pulogalamu
findmnt -T pulogalamu
```

Ngati pa zilolezo palibe `x`, lembani `chmod +x pulogalamu`. Ngati `x` alipo koma ikukanabe, yang'anani zomwe `findmnt` yatulutsa. Mukaona mawu akuti `noexec`, ndiye kuti malo onsewo ndi oletsedwa kuyambitsirapo mapulogalamu. Ife timasamutsa zinthu pa flashi tsiku ndi tsiku, ndipo ma flashi ambiri ndi a FAT32 kapena exFAT, omwe sasunga zilolezo za Linux, mwakuti `chmod` sigwira ntchito pamenepo. Koperani fayiloyo m'foda yanu ya home, muyesere kumeneko.

Chachiwiri, mverani moni nokha

Yambani ndi fayilo yomwe mukudziwa kuti imagwira ntchito, kuti maso azolowere:

```
xxd -l 20 /bin/bash
```

Pa laputopu ya Intel kapena AMD mudzaona zofanana ndi izi:

```
00000000: 7f45 4c46 0201 0100 0000 0000 0000 0000  .ELF............
00000010: 0300 3e00                                ..>.
```

Musathamange apa, mabayiti 20 amenewa ndiwo mtima wa nkhani yonse. Anayi oyamba, `7f 45 4c 46`, ndiwo moni: bayiti ya 7f kenako zilembo E, L, F. Yachisanu ikakhala `02` ndiye kuti pulogalamu ndi ya 64-bit, ikakhala `01` ndi ya 32-bit. Yachisanu ndi chimodzi ikakhala `01` ndiye kuti manambala amalembedwa moyambira bayiti yaing'ono, monga zimakhalira pa Intel ndi pa ARM zomwe timagwiritsa ntchito.

Tsikirani pa mzere wachiwiri. Mabayiti awiri oyamba ndi mtundu wa fayilo: `02 00` ndi pulogalamu yomwe ili ndi malo ake okhazikika mu memory, `03 00` ndi yomwe itha kuikidwa paliponse, ndipo mapulogalamu ambiri a masiku ano ndi otere. Awiri otsatirawo ndiwo anadya bandulo ya mng'ono wanga. `3e 00` ndi x86-64. `b7 00` ndi AArch64, ARM ya 64-bit yomwe ili mu mafoni ambiri a Android ndi mu Raspberry Pi zatsopano. `28 00` ndi ARM ya 32-bit, `03 00` ndi Intel yakale ya 32-bit.

Fayilo yake inali ndi `b7 00`. Loader wa ELF anaumva moni, n'kuuzindikira, koma ataona nambala ya purosesa anayankha `ENOEXEC`. Panalibenso wina woti avomere, ndiye bash inalemba "cannot execute binary file: Exec format error".

Tsopano chitani chimodzimodzi pa fayilo yanu yovutayo, ndipo yerekezani ndi kompyuta yanu:

```
xxd -l 20 pulogalamu
file pulogalamu
uname -m
```

`file` imakuwerengerani zonsezi m'mawu, ndipo tsiku ndi tsiku ndi imene mudzagwiritse ntchito. Ine ndimalimbikitsabe kuona ndi `xxd` kamodzi kokha, chifukwa zimene mukuona pamenepo ndi zenizeni zomwe kernel ikuona.

Mayina amasokoneza anthu ambiri pa masamba odawunilodera. `amd64` ndi `x86_64` ndi chinthu chimodzi, ndipo ndi chomwe mukufuna ngakhale purosesa yanu ndi ya Intel. `arm64` ndi `aarch64` nazonso ndi chimodzi. Pakati pa amd64 ndi arm64 maso otopa usiku saona kusiyana.

Mwina moniwo si ELF n'komwe. `4d 5a`, zilembo MZ, ndi pulogalamu ya Windows. `50 4b`, zilembo PK, ndi zip, ndipo mafayilo a `.jar` ndi `.apk` amayambanso choncho. `1f 8b` ndi gzip yomwe simunaimasule. Mukaona `3c`, chizindikiro cha `<`, n'kutheka kuti munadawuniloda tsamba la intaneti m'malo mwa pulogalamu, zomwe zimachitika bandulo ikathera pakati kapena linki ikakhala yolakwika.

Chachitatu, fayilo ilipo koma akuti palibe

Uwu ndi uthenga umene umazunguza anthu mutu kuposa wina uliwonse. `ls` ikuonetsa fayilo, `file` ikuti ndi ELF ya purosesa yanu yomwe, koma mukaiyambitsa akuti "No such file or directory". Bash yatsopano imati "cannot execute: required file not found", zomwe zili pafupi ndi zoona.

Chomwe chikusowa si fayilo yanu. Mapulogalamu ambiri sayenda okha, amadalira ma library, mafayilo a code yomwe mapulogalamu ambiri amagawana, ndipo kernel sidziwa kulumikiza ma library. Choncho m'kati mwa ELF mumalembedwa path ya pulogalamu ina yothandiza. Loader wa ELF amawerenga path imeneyo, amaika mu memory pulogalamu yanu pamodzi ndi wothandizayo, ndipo woyamba kuyenda ndi wothandizayo. Iye ndiye amafuna ma library, akamaliza n'kusiyira pulogalamu yanu. Muoneni motere:

```
readelf -l pulogalamu | grep interpreter
```

Pa Ubuntu ndi Debian za 64-bit yankho loyembekezeka ndi `/lib64/ld-linux-x86-64.so.2`. Tengani path yomwe yatuluka, muiyese ndi `ls`. Ngati palibe, vuto mwalipeza.

Dzina la wosowayo limakuuzani kumene pulogalamu inachokera. `/lib/ld-musl-x86_64.so.1` ndiye kuti inakonzedwera Alpine Linux, yomwe imagwiritsa ntchito library ya musl m'malo mwa glibc ya Ubuntu ndi Debian, ndipo izi zimagwera kwambiri anthu amene akukopera zinthu kuchoka mu Docker, chida choyendetsera mapulogalamu m'mabokosi odzipatula. `/system/bin/linker64` ndi ya Android. `/lib/ld-linux.so.2` ndi ya 32-bit, monga ma driver ena akale a printer ndi scanner omwe akadali m'maofesi mwathu. Kernel ya 64-bit imatha kuyendetsa mapulogalamu a 32-bit bwinobwino, chosowa ndi wothandizayo basi:

```
sudo dpkg --add-architecture i386
sudo apt update
sudo apt install libc6:i386
```

Chachinayi, ma script ndi zilembo zosaoneka

Moni wa script ndi mabayiti awiri, `23 21`, omwe ndi `#!`. Ayenera kukhala oyamba kwenikweni, popanda mpata kapena mzere wopanda kanthu patsogolo pake. Loader wa script sayendetsa chilichonse. Amawerenga mzere woyambawo, amatenga path ya interpreter, pulogalamu yowerenga ndi kuyendetsa script, amasanja lamulo latsopano loti interpreter ali patsogolo ndipo dzina la script yanu lili pambuyo, kenako amabweza zonse kwa kernel kuti iyambirenso kufufuza. Ulendo wachiwiriwu moni womwe ukumveka ndi wa `/bin/bash` kapena `/usr/bin/python3`, ndipo amaulandira ndi loader wa ELF. Interpreter atha kukhalanso script, koma unyolo woterewu uli ndi malire, ukatalika kwambiri kernel imayankha `ELOOP`.

Kernel simafufuza mu `PATH`, mndandanda wa mafoda amene shell imafunamo mapulogalamu. Ndicho chifukwa chake anthu amalemba `#!/usr/bin/env python3`: `env` ili pamalo odziwika, ndipo ndi imene imakafufuza python. Chinanso, chilichonse chotsatira dzina la interpreter kernel imachitenga ngati mawu amodzi osagawa. Mukalemba `#!/usr/bin/env python3 -u`, `env` idzafuna pulogalamu yotchedwa "python3 -u" yathunthu, ndipo siidzaipeza. Kuyambira coreutils 8.30 mutha kulemba `#!/usr/bin/env -S python3 -u` kuti mawuwo agawidwe.

Koma vuto lomwe ndimakumana nalo mobwerezabwereza ndi la script yolembedwa pa Windows, mnzanu n'kukutumizirani. Windows imatha mzere ndi mabayiti awiri, `0d 0a`, pamene Linux imagwiritsa `0a` yokha. Kernel imatenga `0d` ija ngati gawo la dzina, n'kukafuna `/bin/bash` yokhala ndi chilembo chosaoneka kumapeto. Yotero kulibe. Nthawi zina uthenga umaonetsa `^M: bad interpreter`, nthawi zina ayi. Onani nokha:

```
head -n 1 script.sh | xxd
sed -i 's/\r$//' script.sh
```

Mzere woyamba ukuonetsani `0d 0a`, wachiwiri ukuchotsa `0d` m'fayilo yonse.

M'bale wake wa vutoli ndi mabayiti atatu `ef bb bf` amene ma editor ena amaika patsogolo penipeni pa fayilo. Pa sikirini mukuona `#!` pamalo pake, koma kwa kernel moni wayamba ndi zina, ndipo ma loader onse amakana. Chodabwitsa n'chakuti apa simuona "Exec format error". Chifukwa chake tichiona pompano.

Chachisanu, gwirani kernel ikuyankha

Tipange fayilo ya mtundu wathuwathu, womwe kernel sinaumvepo:

```
printf 'MONI1\nMwadzuka bwanji ku Chilomoni\n' > kalata
chmod +x kalata
./kalata
```

Mudzaona "MONI1: command not found" ndi "Mwadzuka: command not found". Zikuoneka ngati fayilo yayamba, koma kernel sinavomere ayi. Tsimikizani:

```
strace -f -e trace=execve bash -c ./kalata
```

Pa mzere wa `execve` wa kalata mudzaona `-1 ENOEXEC`. Kernel inakana. Bash ikalandira yankho limeneli imasuzumira m'fayilo, ikaona kuti ndi malemba wamba imaganiza kuti ndi shell script, n'kuiwerenga yokha. Ndi mwambo wakale wa Unix, wa nthawi imene `#!` kunalibe. Ndiye script ya Python yokhala ndi `ef bb bf` imawerengedwa ndi bash, n'kutulutsa mauthenga osamveka okhudza `import`. Ndipo script yopanda `#!` yomwe imayenda bwino mu terminal imatha kukana ikaitanidwa ndi systemd, yomwe imayambitsa mapulogalamu kompyuta ikayaka, kapena pulogalamu ina yomwe imapempha kernel mwachindunji, chifukwa kumeneko kulibe bash yoti iipulumutse.

`strace` imeneyi ndi imene ndimaikhulupirira ndikasokonezeka. Shell imasintha mawu a uthenga mmene ifunira, koma `strace` imaonetsa yankho la kernel mmene lilili: `EACCES`, `ENOENT`, `ENOEXEC` kapena `ELOOP`.

Chachisanu ndi chimodzi, phunzitsani kernel moni watsopano

`binfmt_misc` inalowa mu Linux mu 1997, ndipo ndi imene imakulolani kuonjezera mtundu wa fayilo popanda kukhudza kernel yeniyeniyo. Onani ngati ili yotsegula:

```
ls /proc/sys/fs/binfmt_misc
cat /proc/sys/fs/binfmt_misc/status
```

Muyenera kuona mafayilo awiri, `register` ndi `status`, mwina ndi ena oikidwa kale monga a python. Ngati fodayo ilibe kanthu:

```
sudo modprobe binfmt_misc
sudo mount -t binfmt_misc binfmt_misc /proc/sys/fs/binfmt_misc
```

Amene muli pa Windows ndipo mukugwiritsa ntchito WSL, Linux yoyenda m'kati mwa Windows, mu foda imeneyi mupezamo `WSLInterop`. Ndi lamulo lomvera moni wa MZ, ndipo ndilo limachititsa kuti `notepad.exe` itseguke mukailemba mu terminal ya Linux.

Tilembe interpreter wa kalata yathu. Tsegulani `sudo nano /usr/local/bin/werenga-moni`, muikemo izi:

```
#!/bin/sh
echo "Ndapatsidwa fayilo: $1"
tail -n +2 "$1"
```

Musaiwale `sudo chmod +x /usr/local/bin/werenga-moni`. Lamulo louza kernel ndi mzere umodzi wa zigawo 7 zolekanitsidwa ndi `:` motere:

```
:name:type:offset:magic:mask:interpreter:flags
```

`name` ndi dzina lomwe mwasankha. `type` ikakhala `M` kernel imayang'ana mabayiti, ikakhala `E` imayang'ana kumapeto kwa dzina la fayilo, ndipo apa pokha ndi pamene dzina limakhala ndi mphamvu kernel ikamasankha loader. `offset` ndi pamene moni ukuyambira, mukasiya popanda kanthu ndi pa 0. `magic` ndi moniwo. `mask` tiisiye kaye. `interpreter` ikhale path yathunthu. Lathu ndi ili:

```
echo ':moni:M::MONI1::/usr/local/bin/werenga-moni:' | sudo tee /proc/sys/fs/binfmt_misc/register
```

Ndagwiritsa `tee` dala. `sudo echo ... > register` imakana, chifukwa chizindikiro cha `>` chimatsegulidwa ndi shell yanu yopanda mphamvu, `sudo` isanayambe n'komwe.

Lembani `cat /proc/sys/fs/binfmt_misc/moni`. Mudzaona `enabled`, path ya interpreter, `offset 0` ndi `magic 4d4f4e4931`, omwe ndi MONI1 mu hex. Yambitsaninso `./kalata`. Tsopano ikulemba dzina la fayilo, kenako "Mwadzuka bwanji ku Chilomoni". Sinthani dzina la kalatayo likhale lililonse, idzayendabe. Tawerengani maulendo amene kernel yayenda pa mndandanda uja: woyamba `binfmt_misc` wavomera kalata, wachiwiri `binfmt_script` wavomera `werenga-moni`, wachitatu `binfmt_elf` wavomera `/bin/sh`. Ma loader atatu onse agwira ntchito pa Enter mmodzi. Mng'ono wanga ataona zimenezi anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Achimwene, ndiye kuti palibe zamatsenga apa."

Kuzimitsa lamulo kwakanthawi, lembani `0` mu fayilo yake. Kuliyatsanso, `1`. Kulichotseratu, `-1`:

```
echo -1 | sudo tee /proc/sys/fs/binfmt_misc/moni
```

Samalani kuti `-1` ameneyo musamulembe mu `status`, chifukwa kumeneko amafafaniza malamulo onse nthawi imodzi.

Pano ndikuchenjezeni mwamphamvu. `binfmt_misc` amafunsidwa loader wa ELF asanafunsidwe, ndipo m'kati mwake lamulo lomwe laikidwa kumapeto ndilo limayesedwa koyamba. Mukalemba magic ya `\x7fELF` yokha, kapena yofanana ndi purosesa ya kompyuta yanu yomwe, pulogalamu iliyonse idzatumizidwa kwa interpreter wanu, yemwe nayenso ndi ELF, nayenso n'kutumizidwa kwa iye mwini. `ls`, `sudo`, `tee`, zonse zidzafa nthawi yomweyo, ndipo chokupulumutsani ndi kuzimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Pa seva ya kuntchito musayesereko. Ndipo lamulo lomwe simunaliyese musaliike pomwe lidzayambe lokha kompyuta ikayaka.

Chachisanu ndi chiwiri, kuyendetsa pulogalamu ya ARM pa laputopu ya Intel

Tibwerere ku fayilo ya `b7 00` ija. QEMU imatha kumasulira malangizo a purosesa ina kukhala a purosesa yanu pamene pulogalamu ikuyenda, ndipo `binfmt_misc` ndi imene imaiitana:

```
sudo apt install qemu-user-static binfmt-support
cat /proc/sys/fs/binfmt_misc/qemu-aarch64
```

Pakejiyi ndi yaikulupo, muiike pamene pali Wi-Fi. Mu fayilo yachiwiriyo mudzaona magic ndi mask zofanana ndi izi:

```
magic 7f454c460201010000000000000000000200b700
mask  ffffffffffffff00fffffffffffffffffeffffff
```

Magic mwaizindikira kale, ndi mabayiti 20 aja, othera pa `b7 00`. Mask imauza kernel mmene iyerekezere bayiti iliyonse. Pamene pali `ff`, zifanane ndendende. Pamene pali `00`, isalabadireko. `fe` amene wayang'anizana ndi `02` akutanthauza kuti bit yomaliza isawerengedwe, ndipo poti 02 ndi 03 amasiyana pa bit yomalizayo basi, lamulo limodzi lomweli likugwira mitundu iwiri yonse ya mapulogalamu. Malingana ndi Linux yanu, mask itha kusiyana pang'ono pa mabayiti apakati, koma kawerengedwe kake ndi komweko. Pulogalamu ya x86-64 ikafika, `3e` safanana ndi `b7`, lamuloli limaisiya ipite kwa loader wa ELF monga mwa masiku onse.

Yesani pulogalamu ya ARM ija. Ngati ndi ya static, yosadalira ma library akunja, iyamba nthawi yomweyo. Ngati ayi, QEMU idandaula kuti sikupeza `/lib/ld-linux-aarch64.so.1`. Ndi wothandiza yemwe uja wa gawo lachitatu, koma wa ARM:

```
sudo apt install libc6-arm64-cross
QEMU_LD_PREFIX=/usr/aarch64-linux-gnu ./pulogalamu
```

Pa mzere wa `flags` mudzaona zilembo zina. `P` imasunga dzina loyambirira lomwe pulogalamu inaitanidwa nalo. `O` imachititsa kernel kutsegula fayilo yokha n'kuipereka kwa interpreter ili yotsegula kale. `C` imatenga mphamvu kuchokera ku fayilo yeniyeniyo osati kwa interpreter, kutanthauza kuti fayilo ya setuid (yoyenda ndi mphamvu za mwini wake) ya root idzayendetsa interpreter ngati root, choncho musaiike pa interpreter amene mwangolemba nokha. Chothandiza kwambiri ndi `F`, chomwe chinabwera mu Linux 4.8. Popanda `F`, kernel imakafuna interpreter nthawi iliyonse pulogalamu ikuyamba, ndipo mukakhala mu chroot (momwe foda ina imakhala ngati disk yonse) kapena mu Docker imakamufuna m'kati momwemo, mmene mulibe QEMU. Ndi `F`, kernel imamutsegula kamodzi pa nthawi yolembetsa n'kumugwirizira. Ndi mmene mungatengere memory card ya Raspberry Pi yomwe yakana kuyaka, kuilowetsa mu laputopu, kupanga chroot, n'kukonza zolakwika ndi mapulogalamu a ARM omwe ali pa card pomwepo.

Maganizo anga ndi akuti QEMU ndi yoyesera, yokonzera ndi yomangira mapulogalamu a purosesa ina. Si yogwiritsa ntchito tsiku lonse, chifukwa kumasulira kumachedwetsa zinthu kwambiri ndipo batire imatha msanga. Pulogalamu ya mng'ono wanga inayamba ndithu kudzera mu QEMU, anaiona ndi maso ake, koma pambuyo pake tinadawuniloda ya amd64 pa Wi-Fi.

Njira yomweyi imagwira pa mapulogalamu a Windows ngati munaika Wine, chida chowayendetsera pa Linux: `:DOSWin:M::MZ::/usr/bin/wine:` ndipo fayilo ya `.exe` yokhala ndi `x` imayamba ngati ina iliyonse. Kumbukirani kuti potero mafayilo a `.exe` obwera pa flashi ya mnzanu nawonso apeza wowalandira.

Kuti lamulo lisatayike magetsi akathima

Zonse zolembedwa mu `register` zimakhala mu memory. Magetsi akathima batire n'kutha, kapena mukangoyatsanso kompyuta, lamulo lanu la `moni` lapita. Malamulo a QEMU amabwerera chifukwa pakeji yake inawasunga pa disk. Lanu, mukaliyesa n'kukhutira nalo, liikeni mu fayilo yothera ndi `.conf` mu `/etc/binfmt.d`, mzere womwe uja osasintha kanthu:

```
echo ':moni:M::MONI1::/usr/local/bin/werenga-moni:' | sudo tee /etc/binfmt.d/moni.conf
```

`systemd-binfmt` imawerenga foda imeneyi, pamodzi ndi `/usr/lib/binfmt.d`, nthawi iliyonse kompyuta ikuyaka. Yatsaninso kompyuta, mulembe `ls /proc/sys/fs/binfmt_misc`, muone ngati `moni` alipo limodzi ndi `qemu-aarch64`, kenako yesani `./kalata`. Ngati `moni` palibe, `systemctl status systemd-binfmt` ikuuzani mzere womwe kernel yaukana, ndipo nthawi zambiri chimakhala chizindikiro cha `:` chimodzi chomwe chasowa. Mukatha kuyesera, chotsani `/etc/binfmt.d/moni.conf` ndi `/usr/local/bin/werenga-moni`, ndipo mulembe `-1` mu `moni` monga tinachitira pamwambapa.